Tsiku Limene Mayina a Dziko Anazima

M'nyumba ya bambo wina wosula makiyi munali ana aakazi awiri, ndipo wamng'onoyo aliyense ankangomutcha Mzime. Inali nyumba yamtendere, yosasowa pemphero. Bambo akaweruka ankasamba m'manja kuchotsa fumbi la zitsulo, n'kukhala pampando wa pafupi ndi zenera, mayi n'kuyambitsa nyimbo, ana n'kumavomera. Mkulu wake wa Mzime anali wofatsa, wosakweza mawu, ndipo anakwatiwa ndi mphunzitsi. Koma Mzime anali ndi mutu wakuthwa, ndipo ankadziwa yekha kuti ndi wakuthwa.

Atamaliza maphunziro a makompyuta, analembedwa ntchito ku ofesi yosunga mayina a pa intaneti a dziko lonse.

"Ntchito yake ndi yotani kwenikweni?" mayi anafunsa.

"Amayi, mukafuna tsamba la chipatala pa foni, mumalemba dzina lake, si choncho? Kumapeto kwa dzinalo kumakhala kadontho ndi zilembo ziwiri za dziko lathu. Dzina lililonse lothera ndi zilembo zimenezo limasungidwa kwathuko. Foni yanu imayamba yafunsa ife kuti chipatalacho chili kuti, ife n'kuilozera njira."

"Mafoni onse?"

"Onse, ngakhale a anthu a kutsidya kwa nyanja."

Mayi anagwira pakamwa. Bambo anati, "Mwanawe, anthu amandisiyira makiyi a nyumba zawo n'kupita kukagula zinthu. Ndikanafuna, bwenzi nditalowa m'nyumba iliyonse mumsewu uno. Iwe akupatsa makiyi a dziko. Si ako. Wamva?"

"Ndamva, Ababa," anatero Mzime, maso ali pa foni.

Tsiku loyamba anamupereka m'manja mwa injiniya wamkulu, bambo wachikulire yemwe anzake ankamutcha a Ndevu. Iwo anamutengera kuchipinda cha makina. Chitseko choyamba chinatseguka ndi khadi, chachiwiri ndi chala. Atalowa, mphepo yozizira inamumenya kumaso. Munalibe zenera. Makabati akuda anaima mondondozana, timagetsi tobiriwira tili phethiphethi, ndipo m'chipinda monse munkamveka kulira kwapansipansi ngati njuchi mumng'oma.

"Kamodzi kalikonse kakaphethira, ndiye kuti munthu wina wafunsa njira," anatero a Ndevu monong'ona. "Uyo mwina ndi mwana akufuna zotsatira za mayeso. Uyo ndi dokotala. Uyo ali kunja, akutumiza imelo kwa mkazi wake. Sakutidziwa, sadzatidziwanso. Tsiku limene adzadziwe kuti tiliko, ndiye kuti talakwa."

Dziko lonse, ndi mabanki ake, masukulu ake, mipingo yake, linali kupuma m'kachipinda kosakwana kalasi imodzi. Mzime anafuna kuvula nsapato.

Kenako anaimirira pamaso pa bodi yoyang'anira ofesiyo. Munali aphunzitsi a kuyunivesite, amalonda, a boma ndi a makampani a mafoni, anthu omwe ankakangana pa chilichonse, ngakhale pa mtundu wa makatani. Koma pa lamulo limodzi onse anali pakamwa pamodzi. Mayi wapampando analinena pang'onopang'ono.

"Dzina silichoka kwa mwini wake ndi dzanja la munthu mmodzi. Wina alemba, wina avomereza. Ngakhale nditakuuzani ine, ngakhale itaimba foni nduna. Mwalumbira?"

"Ndalumbira," anatero Mzime, ndipo tsiku limenelo ankanenadi zochokera pansi pa mtima.

Mantha aja sanakhalitse. Chitseko chimene munthu amalowa tsiku ndi tsiku chimasiya kuopsa. Posakhalitsa Mzime ankalowa m'chipinda cha makina akutafuna chingamu.

Mkulu wake atakhala ndi pakati, abale anasonkhana kunyumba kwa bambo kudzathokoza Mulungu. Kunabweranso msuweni wawo, mwana wa amalume, mwamuna wa mafuta onunkhira ndi nsapato zosongoka, yemwe ntchito yake palibe ankaidziwa.

"Mkazi wanga!" anafuula ataona Mzime, monga amachitira asuweni. "Ndamva kuti masiku ano umapondereza mabatani kumpanda wa boma. Ndikukwatira mawa lomwe."

"Mabatani?" Mzime anaseka. "Asuweni, ine nditafuna, banki yanu ikhoza kusowa pa intaneti musanamalize kumwa tiyi wanuyo."

Onse anaseka, kupatula mkulu wake, yemwe anamukokera kukhitchini.

"Mng'ono wanga, zimenezo si zoyankhula pagulu. Waona m'mene anakuyang'anira?"

"Achemwali, inu ndi mantha anu! Khalani pansi, miyendo yatupa kale."

Msuweni anayamba ndi kanthu kakang'ono. Anamudikirira panja pa ofesi ndi galimoto yobwereka.

"Sindikuti ube ayi. Ungondinong'oneza mayina amene eni ake aiwala kuwalembetsanso. Akagwa pansi, ine n'kutola. Wotola ndi wakuba?"

Mzime anamunong'oneza. Dzina loyamba linali la mayi wina wophika buledi. Mayiyo anabwera ku ofesi akulira, kuti makasitomala ake akatsegula tsamba lake akupeza zithunzi zolaula, ndipo wina akumuuza kuti aliwombole dzinalo. Mzime ndi amene anamupatsa madzi akumwa.

Sabata yomweyo anafika kwawo atavala wotchi yonyezimira.

"Wakupatsa ndani?" mayi anafunsa.

"Mnzanga."

"Mnzako wopatsa chonchi amafunanso kulandira. Mzime, tandiyang'ana. Masiku ano pa pemphero sutsinzina, umangoyang'ana khoma. Chikukudya n'chiyani?"

"Amayi, zinthu za intaneti simungazimvetse."

"Za intaneti sindizidziwa. Koma iwe ndinakubala ndine."

Mzime ananyamula chikwama chake n'kutuluka, chitseko n'kuchimenyetsa.

Kenako msuweni anabwera ndi nkhani yaikulu. Abale awiri, eni kampani ya mabasi, anali atayambana. Wamng'onoyo ankafuna kuti dzina la kampani pa intaneti likhale lake, kuti onse ogula matikiti azifikira kwa iye.

"Limenelo silinagwe pansi," anatero Mzime. "Likufunika anthu awiri."

"Ndiye udindo wako uja unali wapakamwa chabe? Ndimayesa ndiwe mwini makiyi, kani ndiwe wonyamulira chikwama a Ndevu! Basi, mkazi wanga, ndikafunsa amuna enieni."

Mawu amenewo anamubaya, ndipo anamugonjetsa kuposa mphatso zonse.

A Ndevu anali ndi chizolowezi chosiya jekete pampando akamapita kukadya masana, khadi lawo lili m'thumba. Mawu awo achinsinsi Mzime anali atawaloweza kalekale pongoyang'ana zala zawo. Masana ena ofesi itatsala yokha, analemba pempholo pa kompyuta yake, n'kudumphira pampando wa a Ndevu, n'kulivomereza. Sizinatenge nthawi. Dzina la mabasi linasamuka ngati nthabwala.

Pamenepo mantha anamugwira. Makina aja amakumbukira aliyense amene wagwira chinthu. Anaganiza zofufuta mapazi ake. Akumva nsapato zikukwera masitepe, analamula kompyuta kuti ifufute. Koma pofulumirapo analozera malo olakwika. Chimene chinafufutika sichinali mapazi ake okha. Chinali kaundula yense wa mayina. Ndipo makina ena a m'mizinda ina, omwe ntchito yawo ndi kukopera chilichonse chimene makina aakulu anena, anakopera mokhulupirika kaundula wopanda kanthu.

Anabweza khadi m'jekete n'kukhala pamalo pake. A Ndevu analowa akutokosa m'mano.

Mayina sanazime nthawi imodzi. Mafoni ndi makompyuta amasunga njira m'mutu kwa kanthawi, choncho dziko linayamba kuiwala pang'onopang'ono. Foni yoyamba inalira, ya munthu wa ku banki. Yachiwiri inali ya ku yunivesite. Kenako mafoni onse a mu ofesi analira pamodzi.

Mzime anapita pazenera. Chimene anaona sanachiiwale moyo wake wonse. Anthu ankatuluka m'masitolo ndi m'maofesi ngati nyerere zothiridwa madzi. Pa makina otapira ndalama mzere unakhota mpaka kuseri kwa nyumba. Pa depoti mabasi anaima, makondakitala atagwira m'chiuno. Msewu wonse unadzaza anthu atakweza mafoni m'mwamba, ena akuwagwedeza, ena akuyang'ana kumwamba ngati yankho lichokera kumitambo. Mzinda waukulu chonchija, wa nyumba zosanjikizana, unaima chifukwa cha zala zake khumi.

Wapampando wa bodi anafika akuthamanga, nsapato zili m'manja.

"Tili ndi kaundula wina wosunga padera," anatero a Ndevu, thukuta lili kamukamu m'chipinda chozizira chija. "Tikhoza kumubwezeretsa."

"Ayi!" anatero mkulu wa zachitetezo. "Awa ndi akuba a kunja. Ngati akadali mkati, awononganso ameneyo, ndiye tatheratu. Pasapezeke wogwira kanthu kufikira titadziwa kuti alowera pati."

Mzime anali ataima pomwepo. Mawu amodzi okha akanakwana: palibe wa kunja, ndine. Anatsegula pakamwa, n'kuona wapolisi pakhomo, n'kutsekanso. Anatumira msuweni uthenga. Foni ya msuweniyo inali yozimitsa.

Dzuwa linapendeka iwo akufunafuna mdani amene kunalibe. Kenako mkulu wa zachitetezo anadzutsa mutu.

"Chomaliza kugwiritsidwa ntchito ndi khadi la a Ndevu."

"Langa?" Bambo wachikulire uja anapapasa jekete lake, n'kuyang'ana anzake mmodzimmodzi. "Ndinali kokadya. Ana anga, mukundidziwa ine."

Wapolisi anawagwira pamkono. Mzime anayang'ana pansi.

Nthawi yomweyo foni yake inalira. Anali mayi.

"Mzime, achemwali ako achira, mwana wamwamuna, koma magazi sakuleka. Kuno kuchipatala magazi a mtundu wake atha. Akuti amaitanitsa pa kompyuta, ndiye kompyuta sikupeza kosungira magazi. Akaimba foni ikungolira kuti pali ena, zipatala zonse zikuimba komweko. Atuma galimoto, yatsekeredwa m'chigulu cha anthu. Iwe si umagwira ntchito komweko? Auze akulu ako afulumire, mwanawe!"

Foni inagwa pansi. Mzime anathamangira wapolisi uja n'kumugwira malaya.

"Asiyeni! Palibe wa kunja. Ndine! Ndinaba khadi lawo, ndinasamutsa dzina la mabasi, ndinafufuta ndine. Bwezeretsani, chonde, bwezeretsani!"

A Ndevu anamuyang'ana, osati mokwiya, koma ngati munthu amene waona nyumba yake ikupsa. Anakhala pa kompyuta, wapampando anavomereza, ndipo ntchito imene inadikira masana onse inatha madzi a tiyi asanawire.

Koma mayina anabwerera monga anapitira, pang'onopang'ono. Banki inadzuka, depoti inadzuka, anthu mumsewu anayamba kukuwa ndi chimwemwe. Pempho la chipatala lija linadutsa, magazi anapezeka, ndipo anali pafupi, m'chipatala china cha mumzinda womwewo. Anafika mkulu wake wa Mzime atatsirizika kale.

Pamaliro Mzime sanapite. Anali m'chitokosi.

Kukhoti msuweni anabwera atavala suti. "Mtsikanayu ndi m'bale wanga, inde, koma za makompyuta ine ndizidziwira kuti? Tinkangocheza za chisuweni." Umboni womugwira unasowa, ndipo anatuluka akupukuta nsapato zake. A Ndevu anayeretsedwa, koma bodi inawapumitsa ntchito chifukwa chosiya khadi m'jekete. Mzime anagamulidwa kukakhala kundende zaka zambiri. Bambo ake anamva chigamulocho ali chiimire, chipewa chili pachifuwa, ndipo kuyambira tsiku limenelo msana wawo sunawongokenso.

Patapita miyezi, mayi anabwera kudzamuona ali ndi khanda kumsana. Anakhala pa benchi, n'kumasula mwanayo, n'kumuika m'manja mwa Mzime. Mwanayo anali ndi mphumi ya malemu mayi ake.

"Amayi, ndikhululukireni," Mzime analira. "Ndinakhala chete masana onse. Ndikanangonena msanga!"

"Mulungu ndamupempha, ndipo ndikudziwa kuti wolapa samubweza," anatero mayi. "Inenso ndikuyesetsa, tsiku lina ndimatha, tsiku lina ndimalephera. Koma mwana uyu adzakula. Adzafunsa kuti amayi ake anapita bwanji. Ine sindidzamuuza, bambo akenso akuti sadzamuuza. Udzamuuza ndiwe."

Mzime anagwada pa simenti, mwana ali m'manja, ndipo kwa nthawi yoyamba chiyambire kumvera msuweni uja anapemphera atatsinzina.

Inu achinyamata amene mwaphunzira, amene mawa mudzakhala pamipando imene anthu ambiri amadalira osakuonani, imvani. Udindo ndi chinthu chosungitsidwa, ndipo mwini wake ndi Mulungu pamodzi ndi anthu amene mukuwatumikira. Musadzitame nawo, musaugulitse, ngakhale wopempha ali m'bale wanu wokuseketsani. Ndipo mukalakwa, ululani nthawi yomweyo. Kuba kwa Mzime kunaimitsa dziko, koma chimene chinapha mkulu wake ndi kukhala chete kwake.