Ulusi Wodula ndi Mano

Ndagi. Mlendo wanga amathamanga tsiku lonse osachoka pamene wakhala, ndipo akakuveka sudzadziona pagalasi.

Dzuwa likulowa, mayi wamasiye amene anthu ankamutchula kuti Amanzere ankasesa zidutswa za nsalu m'chipinda chosokeramo, n'kuthira mafuta m'makina, n'kuwafunditsa ngati ana. Makinawo anabwera ndi kampani ya simenti ya kuseri kwa phiri, akuluakulu atagwirizana pamsonkhano kuti umphawi wa m'chigawo chonse utha amayi akaphunzira kusoka. Masizasi anabweranso, koma onse anali a dzanja lamanja, choncho Amanzere ankadula ulusi ndi mano. Anzake ankamuseka kuti tsiku lina adzasokerera lilime kumpendero.

Koma ogula kunalibe. Anthu ankagwira malaya, kufunsa mtengo, n'kupita kukaunjika. Bwana wa kampaniyo, amene ana ankamutchula kuti Ajambuleni chifukwa cha kamera yake, anabwera nkhope ili gwa.

"Amayi, gulu losagulitsa timalilanda makina n'kukapereka kwina. Ndondomeko ikutero."

Amanzere anawerama n'kupitiriza kusoka. Kangachepe kamene kampani inkapatsa gulu ndiko kankasunga mwana wake wamkazi, mmodzi yekhayo, pasukulu. Madzulo amenewo anasisita makina ake nthawi yaitali, akuwanong'oneza.

Sabata yomweyo mlonda wa pachipindapo anayamba kumva zinthu. Amayi akangopita, chitseko chili chokhoma, m'kati munkayamba kalakata, kalakata, kalakata. Pazenera pankatuluka fungo la mafuta a makina losakanikirana ndi la dothi lokumba kumene. Kutacha amayi anapeza nsalu yoyera patebulo, yosokedwa bwino, yaitali ngati munthu. Masana ake, bambo wina wokonza njinga m'mudzimo anagwa chafufumimba n'kufera pomwepo, sipanala ili m'manja. Abale ake anabwera kudzagula nsalu yamaliro, ndipo ija inamukwana ngati anachita kumuyeza.

Kenako anapita azamba. Kenako mlonda yemweyo, amene analumbira kuti asuzumira pazenera. Wosauka amavala nsanza moyo wake wonse, koma abale salola kuti apite kumanda wamaliseche, ndiye gulu linayamba kugulitsa. Ajambuleni anafika ndi chikwangwani chatsopano.

"Gulu lanu ndi chitsanzo kwa magulu onse. Tamwetulirani pang'ono, amayi."

Palibe anamwetulira. Pamjigo nkhani inali yonong'ona.

"Akusoka ndani?"

"Funsani Apampando. Makiyi amagona pachifuwa pawo."

"Tsitsani mawu, mlamu. Mukufuna akuyezeni?"

Apampando, mayi wonenepa wotsogolera gululo, atamva anaponya makiyi pakati pa anzake, n'kuchotsa malamba m'makina onse anthu akuona. Makina opanda lamba sasoka. Koma dzuwa litalowa, phokoso lija linamveka mpaka kusukulu, agalu n'kulowa pansi pa ngolo.

Amanzere ankadzuka miyendo ili phwa, ngati wayenda ulendo wautali, zala zikununkha mafuta. Ankati ndi ukalamba. Ankasamba m'manja, n'kupesa mwana wake, n'kumutsatira ndi maso mpaka atakhota.

M'mawa wina amayi anatsegula chipinda onse pamodzi, ana ali m'mbuyo ndi zikwama zawo. Nsalu inalipo patebulo, yopindidwa bwino. Apampando anaitambasula, ndipo siinafike ngakhale kumapeto kwa tebulo. Inali yaing'ono. Mayi aliyense anakokera mwana wake kumiyendo.

"Ikaotchedwe," anatero wina.

"Ya azamba tinaotcha. Sinabwerenso ina?"

Apampando anatembenuza mpendero pang'onopang'ono, n'kuuonetsa kukuwala kwa pazenera. Msoko unali woongoka, wokongola. Pothera pake ulusi sunadulidwe ndi sizasi. Unali wotafunidwa, ndipo unali usanaume.

Mitu yonse inatembenuka.

"Ine ndimagona," anatero Amanzere, mawu akutuluka ngati a munthu wina. "Achemwali, mumandidziwa. Ndimagona ine."

"Tsegulani pakamwa, Amanzere," anatero Apampando.

Sanatsegule. Anatenga nsaluyo n'kuiyeza ndi chikhatho, monga ankachitira asanapatsidwe tepi, kuyambira paphewa kutsika. Dzanja lake linkadziwa kale pamene liimire. Mapewa amenewo ankawasambitsa tsiku ndi tsiku. Anaika nsaluyo kumano kuti aing'ambe, anakoka mpaka magazi anatuluka m'nkhama, koma msoko wake sunang'ambike. Anali wosoka bwino kuposa onse.

Pakona, makina opanda lamba anagwedeza chopondera chake kamodzi, monga mlendo amene wakhuta. Panja panamveka galimoto ya kampani ikuima, ndi mawu a Ajambuleni akufunsa ngati amayi akonzeka kujambulidwa.

Kamtsikana ka Amanzere kaja kanadutsa pakati pa zitenje za amayi, n'kugwira ngodya ya nsaluyo ndi tizala take.

"Amayi, diresi munkandiyeza ndili m'tulo lija ndi limeneli?"