Mawotchi Awiri Paphiri la Long Mynd

Shukuru ananyamuka mochedwa. Shifiti yake kunyumba yosamalira okalamba ku West Bromwich inayenera kutha mmawa, koma womulandira anatulukira masana akupepesa ndi mano okha. Munthu wanzeru akanapita kukagona. Shukuru anathamangira kuchipinda kwake ku Smethwick, kuvala kabudula ndi nsapato zothamangira, kumanga mawotchi awiri, ina kudzanja ili ina kudzanja ilo, n'kukakwera sitima ya ku Shropshire.

Za mawotchi awirizo musaseke msanga. Mnyamatayu anakulira m'tsinde mwa phiri la Zomba, kumene ankatsika ndi mtolo wa nkhuni pamutu akuthamanga chifukwa choopa alonda a nkhalango. Atafika ku England anadabwa kupeza kuti kuli azungu amene amathamanga m'mapiri popanda wowathamangitsa, ndipo amapatsana mamendulo. Analowa nawo kalabu yawo. Tsopano kunali mpikisano wake woyamba mu Disembala, ndipo onse ankamuuza kuti agule wotchi ya GPS, yoloza njira ndi kusunga monse mmene munthu wadutsa. Vuto linali kusankha. Vincent, mnzake wogona naye nyumba imodzi, anamubwereka yake yonyezimira, yongokhudza pagalasi ngati foni.

"Ase, ukagule ngati iyi," anatero Vincent. "Ili ndi mamapu, imalandira mameseji, ngakhale kutchalitchi utha kutchena nayo."

Mayi Fiona, mkulu wa kalabu ija, nesi wopuma pantchito wa imvi mbuu koma miyendo ngati ya mtsikana, anamubwereka yawo yakale, yokalikakalika, ya mabatani asanu. Anangoti akayese zonse ziwiri paphiri, phirilo likamuuza.

Anayamba kukwera Long Mynd nthawi ili cha m'ma 3 koloko. Mumtima anawerenga bwinobwino: maola atatu dzuwa lisanalowe. Apa ndi pamene analakwira. Kwathu dzuwa limalowa cha m'ma 6, kaya ndi Januwale kaya ndi Juni, ndipo thupi la Shukuru linali lisanamve zina. Anafika m'dzikoli mu Epulo, anaona dzuwa likuwala mpaka 9 koloko usiku n'kumajambula kutumizira mkazi wake. Miyezi yotsatira anaithera m'mashifiti ausiku, masana ali mtulo makatani atatseka. Zoti mu Novembala mdima umagwa hafu folo anazimvapo, inde, koma anazimva ngati nkhani za eni ake.

Kukwera kunakoma. Mpweya wozizira, nkhosa zikumuyang'ana, tizitsamba tofika m'maondo tikumukwapula m'miyendo. Ankati akathamanga pang'ono n'kuyang'ana dzanja ili, kenako ilo, ngati munthu wa zibwenzi ziwiri. Ya Vincent inkaonetsa mapu okongola amitundumitundu. Ya mayi Fiona inkangoonetsa manambala. Mtima wake unali utagwa kale pa yonyezimirayo.

Atafika pamwamba, chifunga chinabwera. Sichinachite kuyamba pang'onopang'ono ayi. Anangoona nkhosa imene inali patsogolo pake yasowa, kenako mwala, kenako njira. Kamvula kowaza kanayamba. Anatembenuka kuti abwerere, ndipo m'mphindi zochepa kunada.

Anakhudza galasi la wotchi ya Vincent. Madontho a mvula anali atayamba kale kuikhudza m'malo mwake: mapu ankathawa, kukula, kuchepa, kenako inatsegula za nyimbo. Zala zake zinali zitauma ndi chisanu. Anapukuta pa malaya, kuyesanso. Inaphethira kawiri n'kuzima. Foni nayo inalibe netiweki, batire litatsala pang'ono.

Mantha anamugwira, asakunamizeni munthu. Anaganiza za mwana wake Tamara ku Zomba, amene anamusiya akukwawa ndipo tsopano ankamuitana kuti "adadi a mufoni". Akagona paphiri pano ndi kabudula yekha, mwanayo sadzamudziwa mwina kuposa pamenepo.

Anadina batani pa wotchi ya mayi Fiona. Inayaka! Inamufunsa ngati akufuna kubwerera njira yonse imene anadzera, kapena kulunjika kumene anayambira. Yoyambayo inali makilomita naini. Yolunjikayo atatu okha. Ndani akanasankha naini ali kunjenjemera? Anadina yachiduleyo, kamuvi kanatulukira pagalasi, ndipo anakatsatira.

Anasiya njira. Analowa m'tchire. Nthaka inayamba kutsetsereka. Kutsogolo kunkamveka madzi, koma pansi kwambiri. Kamuvi kankalozabe komweko. Iye n'kumawonjezera liwiro.

Kenako anamva mapazi.

Tcha... tcha... tcha...

Anaima. Mapazi aja sanaime. Ankachokera kumanzere, osafulumira, osapunthwa. Nkhosa siithamanga choncho. Tsitsi linamuimirira.

M'chifunga muja munatuluka munthu. Mzungu wachikulire, wowonda, ndevu zoyera. Anavala kabudula wamfupi ndi vesiti yobiriwira ya mzere wachikasu pachifuwa. Analibe tochi. Analibe jekete. Ankathamanga motsimphinira pang'ono mwendo wakumanzere, maso ali kutsogolo, ndipo ankadutsa osamuyang'ana n'komwe.

Miyendo inati thawa. Koma Shukuru analeredwa ndi mayi amene ankakoka khutu mwana wodutsa wamkulu panjira osapereka moni, ndipo pakamwa panatseguka pokha.

"Mwaswera bwanji, bambo?" anatero m'Chingerezi chonjenjemera.

Mkulu uja anaima. Anatembenuka pang'onopang'ono, ngati wodabwa kuti wina wamulankhula. Anayang'ana nkhope ya Shukuru, kenako dzanja limene linkawala.

"Ukutsatira muvi," anatero. Mawu ake anali otsika, osapuma wefuwefu ngakhale pang'ono.

"Eya, bambo. Ndasochera."

"Inenso ndinaukhulupirira. Muvi suona pansi, mwana wanga. Tola mwala, uponye kumene ukulozako."

Shukuru anafufuza pansi, anapeza mwala, anauponya patsogolo pake. Anadikira. Anadikirabe... Patapita nthawi ndithu ndi pamene unamveka, kutali, pansi penipeni: kho! kho! thibu!

Phompho linali mapazi khumi okha kuchokera pamene anaimapo.

"Ponda pamene ndikuponda," anatero mkulu uja, n'kuyamba kuthamanga.

Shukuru anamutsatira. Chodabwitsa n'choti mdima wonse uja vesiti yobiriwirayo ankaiona bwinobwino. Anabwerera chokwera pang'ono, anakhotera kumanja, analowa kanjira ka nkhosa kopapatiza ngati lamba. Kumanzere kunali phompho, ankalimva ndi mphepo yochokera pansi. Sanayang'aneko. Anawoloka kamtsinje pa miyala itatu. Mkuluyo ankadumpha ngati mbuzi, ndipo nthawi ina anaseka yekha, kuseka kwa munthu amene akumva kukoma.

Mpweya wa Shukuru unkatuluka utsi m'chisanu muja. Wa mnzakeyo ayi. Anaziona zimenezo, n'kuzikankhira kumbali. Si nthawi yake.

Mantha akachepa munthu amayamba zocheza. Atamva kuti pansi payamba kusalala, anafunsa funso limene linamubweretsa kuphiriko.

"Bambo, inu mwathamanga zaka zambiri. Pa mawotchi awiriwa ndigule iti?"

"Ya mabatani. Zala zozizira sizigwirizana ndi galasi." Anacheuka akuthamangabe. "Koma iziyenda pambuyo pako. Iwe patsogolo, iyo pambuyo."

Anafika pa kageti ka matabwa. Kumunsi kunkaoneka magetsi a tauni ya Church Stretton, ndipo msewu wa phula unayambira pomwepo. Shukuru anagwira getiyo ndi manja onse awiri, misozi ikusakanikirana ndi mvula. Sanachite nayo manyazi.

"Zikomo, bambo. Zikomo kwambiri. Mwandipulumutsa. Tiyeni titsikire limodzi, mukamweko tiyi."

"Ine ndimathera pano," anayankha mkulu uja.

Shukuru anawerama kutsegula loko wa geti. Poweramuka... panalibe munthu! Chifunga chokha. Anaitana kawiri. Kunayankha nkhosa.

Anapeza sitima yomaliza bwinobwino. Vincent atamva kuti wotchi yake inazima paphiri anakwiya ngati wanyozedwa mkazi, ndipo za mkulu uja anangoti azungu okalamba ndi amisala, amathamanga ngakhale pa sinowo.

Lachiwiri madzulo kalabu inakumana monga mwa nthawi zonse. Shukuru anabweza wotchi kwa mayi Fiona, nawauza kuti wasankha, agula ya mabatani. Iwo anamukalipira kaye za kupita kuphiri yekha wopanda tochi, kumukalipira kwenikweni kwa unesi. Kenako analumikiza wotchiyo ku foni yawo kuti aone mmene anadutsa. Kamzere kofiira kanatuluka pa mapu. Anakatsatira ndi chala, akung'ung'udza, mpaka pamene kanasiya njira n'kulunjika kuphompho. Chala chinaima. Kamzereko kanabwerera, kanazungulira pamwamba pa chigwa, kanawoloka kamtsinje, kanatsika mpaka pa geti.

"Shukuru, njira iyi wakuonetsa ndani? Siili pa mapu alionse."

Anawafotokozera. Ndevu zoyera, vesiti yobiriwira ya mzere wachikasu, mwendo wakumanzere wotsimphina. Mayi Fiona anakhala pansi pa benchi ngati wina wawakankha.

"Vesiti imeneyo kalabu ino inasiya kuvala kalekale," anatero. "Ameneyo ndi Derek. Ndi amene anandiphunzitsa kuthamanga m'mapiri. Kanjira ako anakatulukira yekha, ndipo ankangoonetsa anthu amene wawakonda."

"Ndiye mundipatse nambala yawo, mayi. Sindinawathokoze mokwanira."

Mayi Fiona anapukusa mutu.

"Zaka makumi anayi anathamanga phiri limenelo wopanda wotchi. Atakwanitsa zaka 70 tinati wakula, maso ayamba kufooka, timugulire ya GPS imuteteze. Ndinakasankha ndine. Ndinamumanga padzanja ndine. Patangotha milungu itatu chifunga chinamupeza pamwamba paja. Tinamupeza mmawa mwake pansi pa phompho lomwelo, wotchi ikadali kuloza kunyumba. Tinamuika m'manda mu Novembala 2014."

Shukuru anamva kuzizira kwa paphiri paja kukubwerera m'mafupa. Anakhala nawo pa benchipo. Panja anzawo ankaseka, akumanga zingwe za nsapato, osadziwa kanthu.

Patapita kanthawi mayi Fiona anamugwira dzanja. Sanamufunse ngati akunena zoona. Anafunsa chimene chinawadya zaka zonsezo.

"Anali wokwiya?"

"Ayi, mayi," anatero Shukuru. "Ankaseka. Ankatsika phiri lija ngati mnyamata, ine kulephera kuwapeza."

Mayi Fiona anaphimba nkhope ndi manja awo, nalira mokweza, anthu onse akuona. Pakati pa kulirako Shukuru anamva akunena mawu amodzi okha, mobwerezabwereza, ndipo sanadziwe ngati akuuza iye kapena mkulu wa paphiri uja.

"Zikomo... zikomo..."