Foni ya Jenala ku Twapia

Osward ndi mkazi wake Jenala anayamba ntchitoyi mosangalala, pabalaza la nyumba yawo ku Parklands, mu Kitwe. Ankapanga pulogalamu ya pafoni yoti anthu a ku Kitwe ndi ku Ndola azichezerapo, makampani akunja osagulitsa zinsinsi zawo. Oilemba anali Jenala ndi Limbani wa ku Twapia mu Ndola, mnzake wa ku yunivesite. Osward ankangoitsatsa kwa anthu.

Jenala ndi Limbani ankagwiritsa ntchito kompyuta imodzi, mapewa atagundana, wina akulemba, wina akuona zolakwika. Amayi a Chigwirizano cha kutchalitchi atamva, anamunong'oneza Osward. Iye anakafunsa mkazi wake.

"Amake Given, kodi makompyuta anatha mu Kitwe muno?"

"Ndi mmene ntchitoyi imagwiridwira, atate ake Given. Bwerani mukhale pakati pathu."

"Ndikhale mlonda m'nyumba mwanga? Awe!"

Jenala anangopuma mozama. N'zomvetsa chisoni kuti mkazi akamagwira ntchito ndi mwamuna, anthu saona ntchitoyo.

Pulogalamuyo inkalonjeza kuti ngakhale eni ake sadzafufuza kumene munthu ali. Osward anaswa lonjezolo. Loweruka lina masana anatsegula mbali ya oyang'anira, naona kuti foni ya Jenala ili ku Twapia, kunyumba kwa Limbani. Popeza sankafunsa za ntchito ya mkazi wake, sankadziwa kuti opanga mapulogalamu amabwerekana mafoni. Limbani anali atatenga foni yakale ya Jenala kuti akayesere pulogalamuyo kumene netiweki imavuta. Mwini foniyo anali kukwaya, mu Kitwe momwemo.

Osward anakwera basi ya ku Ndola.

"Mkazi wanga wamubisa kuti?"

"Alamu, khalani pansi kaye, ndikuonetseni foni..."

Limbani atatembenuka, Osward anatola chitsulo chotsekera geti. Limbani anamwalira asanafike kuchipatala.

Mboni zonse za kukwaya zinanena chimodzi, ndipo woweruza analamula kuti Osward akhale m'ndende moyo wake wonse. Kunja kwa khoti anthu ankalozabe Jenala, amvekere mkazi wophunzira wapha amuna awiri. Nsanje sifuna umboni. Imadzipatsa yokha chigamulo, ndipo mlandu wake amausenza ndi wosalakwa.

Jenala anapita kundende kamodzi kokha. Osward anamuyang'anitsitsa kuseri kwa mawaya, atawonda, milomo itauma.

"Amake Given, tsopano zonse zatha, ndiuze zoona. Tsiku lija unali kuti?"

Jenala anasiya chakudya m'manja mwa msilikali wa ndende, natuluka.