Laputopu ya Malemu Mayi Arminda

Nkhani iyi ikukhudza Bambo Andrea Muhiwa, mkulu wa mpingo kufupi ndi Milonde. Mlamu wawo, Mayi Alefa, wobadwa bere limodzi ndi akazi awo. Ndi Bambo Spencer, wokonza makompyuta pa Boma.

Malemu Mayi Arminda, akazi a Bambo Muhiwa, anasiya laputopu imene ankajambuliramo nyimbo za Chilomwe zimene anaphunzira kwa amayi awo ku Mozambique. Mawu a Mayi Arminda sanatsale kwina kulikonse. Maliro atatha, Bambo Muhiwa anadina batani kuti awamvenso. Laputopu sinayake.

Bambo Spencer atabwera anayesa chaja china, anadina batani nthawi yaitali, anatchera khutu. Zii. Atatsegula kunsi anapeza chinyontho ndi tizidutswa ta masamba.

"Madala, ichi mwachisambitsa?"

Anayankha ndi Mayi Alefa, osagwetsa nkhope. "Katundu wa malemu amawazidwa mankhwala asanagwiridwe. Zitenje tinawaza, mapoto tinawaza. Ichi chikanatsaliranji? Si manja ake omwewo ankachigwira?"

"Ikwirireni mumpunga, mwina iuma," anatero Bambo Spencer. "Batire ndi chaja ndatenga, ndikaziyeze."

Bambo Muhiwa anangouza mlamu wawo kuti akumana kubwalo la mpingo, ndipo analeka kuwalankhula.

Usiku umenewo, mvula yochokera kuphiri italeka kumenya malata, anamva kulira kwapansipansi pabalaza, ngati njuchi yotsekeredwa m'chipanda. Anati ndi mbewa. Usiku wotsatira anaona kuwala kobiriwira kukutuluka m'mipata ya dengu la mpunga, kukupuma ngati munthu wagona. Anawerenga Salimo, natseka chitseko cha kuchipinda. Kumsika anthu anayamba kunong'onezana kuti Mayi Arminda akufuna katundu wawo.

Kenaka kunadza usiku wopanda mwezi, achule onse ali chete. Panamveka kugogoda pawindo.

"Alamu," ananong'ona Mayi Alefa. "Mukumva?"

Analowa pabalaza onse awiri. M'dengu munkatuluka mawu a Mayi Arminda, ofewa, oyera, akuimba pang'onopang'ono. Pakati anatsokomola, anaseka, nati, "Dikirani, ndiyambirenso." Bambo Muhiwa, amene ankangogwada m'tchalitchi mokha, anapezeka atagwada pasimenti.

"Nyimbo imeneyi amayi ankatiimbira tikayambana," anatero Mayi Alefa, misozi ili mbwembwembwe. "Sankaleka mpaka titagwirana manja."

Bambo Muhiwa anatambasula dzanja mumdimamo. Mlamu wawo ataligwira, nyimbo inatha, kuwala kunazima.

M'mawa Bambo Spencer anamvetsera zonse, kenaka anapisa m'chikwama. "Batire ndi iyi, madala. Chaja ndi ichi. Inayaka ndi chiyani?" Anabwezeramo batire. Sinayake. Anati ku Blantyre angathe kuiphwasula ndi kuchotsamo nyimbo zonse.

Bwalo la mpingo linakhala, Abusa ali pampando, ndipo linagamula motere: Mayi Alefa adzudzulidwe chifukwa cha mankhwala, koma asaletsedwe Mgonero; chachiwiri, laputopu ipite ku Blantyre, kuti manong'onong'o athe.

Mayi Alefa anavomera. Bambo Spencer anavomera. Bambo Muhiwa, amene sanatsutsepo bwalo chibatizidwire, anavomera mbali yoyamba yokha.

"Asaiphwasule," anatero. "Akafuna kuimba, adzaimba."

Mkulu wa mpingo sayenera kuyankha bwalo motero. Koma akulu anayang'anizana, ndipo sanawakakamize. Dengu lija likadali pabalaza, ndipo chitseko cha kuchipinda kwa Bambo Muhiwa sichitsekedwanso.