Nsalu ya Kudenga

Telala anachoka kwa mlamu wake nthawi itadutsa kale 11 koloko usiku, zala zili nyatanyata ndi guluu. Anali atangobayibitsa mwana wake wachisamba, mtsikana amene m'mawa mwake amayenera kukayamba sukulu ya unamwino kutali. Mlamuyo ndiye anadzipereka kumuperekeza pa kagalimoto kake kokalamba, ulendo wa usiku wonse.

Vuto la kagalimotoko linali denga. Nsalu ya m'kati inali itamatuka, ikulendewera ngati mimba ya ng'ombe mpaka kumakhudza woyendetsa pamutu. Akugalaja atatchula mtengo wokonzera, Telala anaseka mpaka kutsokomola. "Nsalu ndi nsalu, alamu. Ine ndakalambira pa nsalu!" Anagula kachitini ka guluu wa nsapato, napaka, nakanikiza ndi zikhatho, akuunikira ndi tochi ya foni mpaka batire kutheratu. Siponji yakale yomwe inkayoyoka ngati utuchi pansi pa nsaluyo sanaipale n'komwe. Munthuyu ngwabwino mtima, koma pa nkhani ya nsalu simungamuuze kanthu.

Tsono anali kubwerera kwawo wapansi, akudziyamikira. Nyumba zinayamba kutalikirana, magetsi a mumsewu anathera pa golosale yomaliza, ndipo kutsogolo kunatsala mlatho wokha. Pamenepo mluzu womwe ankaimba unazima wokha pakamwa.

Pa mlathopo panaima munthu.

Anali wamtali, wovala jekete, atatsamira chitsulo cha m'mbali. Kumutu anafunda nsalu yotuwa yofika m'mapewa. Telala anati mwina ndi kuzizira, napereka moni. Munthuyo anangomufunsa:

"Mwapala siponji?"

Mawu ake ankamveka ngati a munthu woyankhula ali m'bulangete. Telala anaima.

"Pepani... mukuti chiyani, bambo?"

"Fungolo ndalimva muli patali. Guluu wa nsapato. Sagwira pa fumbi ameneyo, amangokunamizani." Munthuyo anasendera pafupi, koma nsapato zake sizinamveke pa tara. "Bwenzi mutachotsa bolodi lonse la kudengalo, n'kupala, n'kumata bwino. Zikavuta, mapini okha. Mapini ali pa kolala yanuwo akanakwanira."

Telala anagwira kolala. Mapini analipodi, asanu, omwe amabayapo tsiku lililonse akamasoka.

"Mphepo ikangolowa pawindo, nsalu imafufuma," anapitiriza munthu uja. "Sigwa pang'onopang'ono ayi. Imagwa yonse. Kamodzi. Kumaso."

Kenaka anakweza manja n'kuyamba kukoka nsalu ya kumutu kwake. Anakoka. Anakokanso. Siinachoke. Utuchi wachikasu unayoyokera pa jekete, ndipo m'mphepete mwa nsaluyo Telala anaona bowo lozungulira... bowo la getsi la m'galimoto!

"Ndichotseniko... Sindikuona msewu... Ndichotseniko!"

Telala analiyatsa liwiro. Nsapato imodzi inatsala pa mlatho. Sanacheuke. Anathamanga mpaka anaona kuwala kwa pamalo omwetsera mafuta, nakagwera pamapazi pa mlonda wachikulire amene ankawotha kambaula pakhomo pa ofesi.

Mlondayo anamupatsa madzi, namvetsera nkhani yonse osadabwa ngakhale pang'ono. Kusadabwako n'kumene kunamuopsa Telala koposa.

"Wofunda kumutu? Ndiye mwakumana ndi wa takisi uja," anatero mkuluyo akusonkheza makala. "Ankamwetsa mafuta pompano. Chaka chino n'chachisanu ndi chitatu chimwalirireni. Anawomba chitsulo cha mlatho n'kugwera kumunsi. Ine ndinali nawo pomutulutsa. Tinam'peza nsalu ya kudenga itamukulunga mutu, manja onse ali pa nsaluyo, chiwongolero atachisiya. Dzulo lake anali ataimata yekha, akunyadira pano kuti wapulumutsa ndalama."

Telala anapisa m'thumba, natulutsa foni yake yakufa ija, naiyang'ana ngati ingamumvere chisoni.

"Agogo, ndibwerekeni foni. Chonde. Mwana wanga ali pamsewu."

"Muli timayunitsi tochepa, muyankhule msanga."

Nambala ya mlamu sankaisunga pamtima, koma ya mwana wake ankaidziwa. Zala zomata guluu zinalakwitsa kawiri. Kachitatu inalowa. Inaitana, inaitananso, Telala akupemphera mosadziwa chomwe akunena.

"Halo?"

"Mwanawe, ndine bambo ako! Uza amalume aime. Aime pompo!"

"Adadi? Simunagonebe?" Mtsikanayo anaseka, mawu ake akumezedwa ndi chiphokoso. "Sindikukumvani bwino, kuli mphepo. Guluu wanu uja akununkha, amalume anayamba chizungulire, ndiye tatsegula mawindo onse."

"Tsekani! Imani!"

"Mukuti chiyani? Ii, adadi, mukanaona nsalu yanu ija mmene ikufufumira, ikuchita kuseketsa. Amalume, taonani kumwambaku..."

Foni inati tii. Mayunitsi anali atatha.

Telala anaimbanso, naimbanso, koma ankamuyankha ndi mawu a makina okha. Mlonda anavula chipewa. Telala anakhala pansi pa simenti, foni ili kukhutu, akufuulira mwana amene sankamumva kuti atseke windo.