Telala Amene Ankasoka Ali Mtulo

Nkhani iyi sindinachite kumva kwa anthu ayi. Ndinalipo ine mwini, analiponso achemwali anga, munthu woti ngakhale kunamiza mwana kuti jekeseni sapweteka amalephera.

Amuna awo, alamu anga, ndi telala. Chaka chimenecho tulo tinawathawa. Usiku ankangotembenuka pabedi mpaka kunja kuyera, masana n'kumasinza pamakina, moti bambo wina anamusokera thalauza la mwendo umodzi wautali. Makasitomala anayamba kuzemba. Inatsala ntchito imodzi yokha, mayunifolomu a sukulu ina, ndipo ahedi ananeneratu kuti akangowonongeka, iwo apita kwa telala wina.

Atapita kuchipatala, nesi anawalangiza bwinobwino. Tiyi wamadzulo asiye, foni isamalowe kuchipinda, masana asamagone, ndipo tulo tikakana azidzuka n'kukakhala phee pabalaza mpaka maso alemere. Alamu anati amenewo ndi malangizo a anthu osowa chochita. Iwo anali ndi njira yachidule: mapiritsi ofewetsa minofu amene anatsalako atadwala msana. Akameza limodzi, thupi lonse linkangoti lende ngati thaulo lonyowa.

"Bambo, amenewo si a tulo," ankatero achemwali.

"Nanga ndikuchitazi n'kuvina?"

Komatu m'mawa ankadzuka otopa kuposa dzulo lake, kukhosi kuli gwa, mutu uli wolemera. Chodabwitsa n'chakuti mulu wa mayunifolomu osokedwa unkangokula.

Ine ndinapita kukacheza, ndipo ndinkagona kuchipinda kwa ana. Usiku wina ndinadzidzimuka ndi fungo la mafuta a makina. Kenako phokoso lochokera pabalaza: tchaka-tchaka-tchaka. Ndinaseka chamumtima, n'kudzuka kuti ndikawanyogodole alamu kuti mankhwala awo asukuluka.

M'khonde la m'nyumba ndinakumana ndi achemwali, chala chili pakamwa. Anandikokera kuchipinda kwawo n'kuloza pabedi.

Alamu anali pomwepo. Chagada, kukamwa yasa. Ndinanyamula mkono wawo. Unagwa wokha, phu!

Makina anali kusokabe.

"Ndani?" ndinanong'ona.

"Tamvetsera."

Makina anaima. Sizasi inalira. Kenako kaphokoso kena kamene aliyense m'nyumbamo amakadziwa: alamu amadula ulusi ndi mano, n'kulavula kachidutswa. Ptu!

Pansi pa chitseko cha pabalaza panalibe kuwala. Munthuyo ankasoka mumdima. Palibe anayerekeza kutsegula. Tinakhala pansi titagwirana ngati ana mpaka mbalame zinayamba kulira.

Kutacha tinapeza malaya atsopano atapindidwa bwino, matumba ali owongoka, ulusi wosakhota olo pang'ono. Titawafotokozera alamu, anayang'ana nsonga za zala zawo, zomwe zinali zofiira, kenako n'kuphulika nako kuseka.

"Ndiye mukudandaula chiyani? Wantchito wosapempha tchuthi ndimuthamangitsirenji?"

"Nanga tsiku lina akadzakana kubwerera m'thupimo?" anafunsa achemwali.

Kuseka kunathera panjira. Ndinawamvera chisoni alamu anga, chifukwa ntchito inali isanathe, ndipo ankadziwa kuti ndi maso atulo aja sangaimalize okha. Komabe masana omwewo anakabweza mapiritsi kwa nesi. Madzulo tiyi sanamwe, ndipo foni anandipatsa ine kuti ndigone nayo.

Tulo sitinabwere. Pakati pa usiku tinawamva akudzuka, monga ananenera nesi, n'kulunjika pabalaza. Ine ndi achemwali tinaima kuseri kwa chitseko.

Mpando unalira. Kenako zii.

Kenako manong'onong'o. Mawu awiri. Wina kufunsa, wina kuyankha. Onse awiri anali mawu a alamu.

Alamu anatuluka pang'onopang'ono, akukanda m'mutu.

"Bwanji, alamu?"

"Akuti mabatani atha, ndikagule mawa." Anayasamula. "Akutinso ndizigona, ndikumutopetsa."

Anakagwera pabedi n'kuliza mkonono woti mawindo kunjenjemera. Achemwali analira ndi chisangalalo, ine n'kumaseka misozi ili mbwee, koma nyali sitinazimitse.

M'mawa mayunifolomu onse anali atatha, kupatula mabatani. Alamu anawasokerera okha masana dzuwa likuswa mtengo, chitseko chili chotsegula. Ahedi anakondwera mpaka anawatumizira sukulu inanso. Kuchokera pamenepo makina sanalirenso usiku. Malangizo a nesi amawatsatira ngati malamulo khumi, ndipo mapiritsi aja safuna n'kuwamva komwe.

Ndikapita kukacheza, timakhala pakhomo m'mawa ana asukulu akudutsa. Alamu amawayang'anitsitsa malaya, n'kundikodola ndi chigongono.

"Awo ndinasoka ndine," amatero. Kenako amatsitsa mawu, n'kuloza mwana wina. "Awo ayi."