Uta Wosadyetsa Mlamu

Kwathu kuno, kuzigwa za udzu kufupi ndi malire a Indonesia, umphawi wa mwamuna suonekera pa zovala. Umaonekera pa nsanja yowambira nyama. Nsanja ya Warapa inali itamera bowa.

Uta anali nawo wabwino, wansungwi, wosema malemu bambo ake, ndipo mivi yake inali yowongoka. Vuto linali dzanja. Ankatha kukwawa m'tsekera theka la tsiku, mawondo kusupuka, kumufika gwape pafupi mpaka kumumva akutafuna, koma akangoponya, muvi unkakalasa chulu. Anthu a kwathu sachedwa kupatsa munthu dzina. Iyeyu anthuwo anamutcha Wolasa Chulu.

Chomwe chinkamudya mumtima kwambiri anali mlamu wake Goi. Ife sitilowola mkazi ndi ndalama, timasinthana alongo. Warapa anakwatira Nakre, mlongo wa Goi, ndipo Goi anatenga Yuwi, mlongo wa Warapa. Alamu otere amadyetsana mpaka imfa. Wina akapha gwape, mwendo wathako umapita kwa mnzake, ndipo wolandirayo amanyamula zilazi kukathokoza yekha. Tsono kwa zaka zinayi mwendo unkangoyenda njira imodzi. Nyama yotsala ndi nyanga Goi ankagulitsa kwa amalonda a kutsidya kwa malire, mpaka anafolera nyumba ndi malata, nagula njinga ndi wailesi.

"Alamu! Landirani kuno," Goi ankafuula akadali panjira, mwendo uli paphewa. "Nanga chulu munthu angaotche?"

"Achimwene, asiyeni amuna anga," Nakre ankatero, koma nayenso akuseka.

Goi analibe mtima woipa, zinali nthabwala za pachilamu. Koma Warapa ankatafuna nyama ija ngati akutafuna chikwa, maso ali pa malata a mnzake. Nsanje inamukola mpaka kuonda.

Tsiku lina masana anatenga uta wake napita kumapeto kwa dambo, kwa Siba, sing'anga amene anthu ankamutchula monong'ona. Anamupeza akupala nsungwi ndi dzino la nguluwe.

"Wafika, Wolasa Chulu," anatero Siba osadzutsa mutu. "Ndinkakuyembekezera chaka chatha."

"Agogo, ndatopa ndi kulandira. Ndikufuna nanenso ndizipha."

"Watopa ndi kulandira, kapena malata a mlamu wako akukuthobwa m'maso?"

Siba anatenga uta uja, namasula nsinga yake, nalowa nayo m'nyumba. Potuluka anali ndi nsinga ina, yakuda, yonyowa ngati yapakidwa mafuta. Ataimanga anaikhudza ndi chala, ndipo inalira nthawi yaitali kuposa mmene nsinga imalirira.

"Usandifunse kuti ndi ya chiyani. Kuyambira lero suphonyanso. Koma mvetsa ziwiri izi. Uta uwu umadya pa masiku atatu alionse. Ukaumana, udya dzanja lako."

"Zimenezo n'zosavuta, agogo. Agwape ndi ambirimbiri."

"Chachiwiri, nyama yake ndi ya alendo. Gulitsa kutsidya. Wapakhomo pako kapena wachibale akangolawa, uta umudziwa fungo. Ukatero sumusiyanitsanso ndi gwape."

"Nanga mwendo wa alamu anga?"

"Mwendo wa alamu ako ugulire malata."

Mwamuna aliyense wa mutu wake akanadzuka pomwepo n'kusasa fumbi. Warapa anakhalabe, akuwerenga m'mutu zinthu zimene angamupatse Goi m'malo mwa nyama: shuga, sopo, malaya.

"Ndavomera. Inuyo ndikupatseni chiyani?"

Siba anaseka, m'kamwa muli mbee, mopanda dzino. "Za ine usade nkhawa. Uta umadziwa kwawo."

Chilimwe chimenecho anthu anagwira pakamwa. Muvi wa Warapa unkapeza gwape ali pa liwiro, unkamupeza atabisala m'tsekera, ngakhale ali patali poti mlenje wanzeru sangataye muvi. Nsanja inafuka utsi tsiku ndi tsiku. Njinga zamoto za amalonda zinasiya kwa Goi n'kumaima pakhomo pake. Malata anabwera, matiresi, nyale ya sola, mpunga wa m'matumba. Koma m'nyumba yonunkhira nyamayo ankadya mpunga ndi nsomba za m'chitini, ndipo Nakre akafunsa ankangouzidwa kuti nyama ili ndi eni ake.

Kwa Goi anapititsa malaya atsopano ndi shuga. Goi anawatembenuza malaya aja uku ndi uku.

"Malaya ndawaona, alamu, ndi okongola. Koma tandiuzani, agwape anuwa amayendera chiyani? Ine sindinaonepo mwendo ngakhale umodzi."

"Amalonda amafuna wathunthu, alamu."

"Oho. Ndiye kuti amalondawo ndi amene anakupatsani mkazi."

Nthawi imeneyi Goi sanaseke. Ndipo apa ndi pamene Warapa anayamba kuona kuti wagula chinthu china, osati chimene ankafuna. Ankaganiza kuti akalemera anthu adzadzaza khonde lake. Khondelo linali lalikulu, la mthunzi wabwino, koma pankangogona galu wake Biri. Kwathu munthu satchuka ndi zomwe ali nazo, amatchuka ndi zomwe zatuluka m'manja mwake. Anthu ankadutsa n'kumalavulira kumbali. Zinamupsetsa mtima koopsa, koma analibe womukalipira.

Kenako dzinja linafika. Madambo anasefukira, msewu wa kumalire unamira, njinga zamoto zinasiya kubwera. Warapa anati apumuleko. Tsiku lachinayi dzanja lake lamanja linatupa mpaka m'khwapa, zala zitapindika ngati zikukoka nsinga, zikhadabo zikuda. Anapita kutchire akubuula, napha gwape, ndipo dzanja linaphwa asanafike n'komwe pamene nyamayo inagwera.

Nanga nyamayo apite nayo kuti? Wogula palibe, wachibale sangadye, ndipo mudzi wonse ndi chibale chokhachokha. Anayamba kukumba maenje n'kumakwirira. Imeneyo inali miyezi imene zilazi zimakhala zitatha m'nkhokwe, anthu akudya chinangwa chopanda ndiwo, mauta a ena atalefuka ndi chinyontho. Pa masiku atatu alionse Warapa ankakwirira gwape wonona, akutukwana dothi, akutukwana mvula.

Biri anafukula dzenje limodzi nadya. Ulendo wotsatira Warapa anaona gwape wamkazi ataima bwinobwino pansi pa mtengo, makutu ali njo. Anaponya. Atafika pamalopo anapeza galu wake, muvi uli m'nthiti.

Anathamangira kwa Siba tsiku lomwelo, matope mpaka m'chiuno.

"Agogo, ndibwezereni nsinga yanga yakale."

"Ndinasonkhezera moto."

"Ndiye masulani iyi! Ine ndayesa, mpeni ukungoterereka. Msewu watsekeka, nyama ikuwola, anthu akundida!"

"Mvula si yanga, mwana wanga. Malata akudontha?"

"Ayi."

"Ndiye ukudandaula chiyani? Pita, mawa ndi tsiku lachiwiri, uta udzafunanso kudya."

Mwezi womwewo Yuwi anabereka mwana wake woyamba. Mkazi akachira, mlongo wake wamwamuna ndiye amabweretsa nyama ya msuzi kuti mkaka utuluke. Ngakhale mlenje wolephera chotani amakapempha kwa anzake, bola afike nayo m'manja. Goi anali atadwala malungo, sakanatha kulowa m'tchire. Masiku anadutsa, Warapa osaoneka.

"Bambo, mlongo wanu mawere auma, mwana akungolira," anatero Nakre. "Dzulo munabwera ndi magazi m'manja. Nyamayo ili kuti?"

"Ndi yamatenda."

"Yamatenda? Pogulitsa kwa amalonda inali yabwino, lero yadwala? Mukudziwa zimene akunditcha kuchitsime? Mkazi wa fisi! Ine ndikayang'ana bwanji kumaso kwa achimwene anga?"

"Apititsire mpunga, thumba lonse!"

"Mpunga! Munamvapo kuti mpunga watulutsa mkaka?"

Warapa sakanatha kumuuza za uta uja. Kuulula kunali kuvomera kuti wakhwima, ndipo kwathu munthu wotchedwa mfiti sakalamba. Anangomenya khoma ndi chibakera natuluka.

Tsiku lotsatira lopha, Nakre anamulondola chapatali. Anamuona akulasa gwape, akumupachika mumtengo, akupita kukafuna malo ouma oti akumbe. Nakre anayandikira gwape uja. Anadula mwendo wathako, naukulunga m'masamba, nalunjika kwa mlongo wake Goi.

"Alamu anu atumiza," anatero. "Akuti pepani pochedwa."

Anauphika pa miyala yamoto. Yuwi anamwa msuzi akulira. Goi anadya mpaka thukuta, ndipo Nakre naye anadya, koyamba chaka chimenecho. Anabwerera kunyumba nkhope ikuwala.

"Ndakuchotserani manyazi, bambo. Mwendo wafika. Achimwene akuti ankadziwa kuti mtima wanu ubwerera."

Warapa anakhala pansi pomwe anaimapo. "Wadya ndani?"

"Tonse atatu. Bwanji, mukufuna kundimenya chifukwa cha mwendo umodzi?"

Sanamumenye. Masiku awiri anakhala m'nyumba osakhudza uta, osayang'ana mkazi wake. M'mawa wa tsiku lachitatu, dzanja litayamba kuyabwa, anakwera bwato. Anapalasa kudutsa dambo lonse mpaka ku mtunda wakutali kumene anthu safikako m'dzinja. Anaganiza kuti kumeneko uta ulibe wachibale woti umupeze.

Anaiwala mwambo wa kwawo komwe. Wolandira mwendo amabweretsa zilazi ndi manja ake, ndipo sagonetsa masiku ambiri. Goi, malungo atamutsikako, anafika pakhomo ndi thumba, Nakre namulozera kumene bwato lalowera. Kulondola njira ya bwato m'bango sikunali kanthu kwa mlenje ngati Goi.

Dzuwa lili pamutu, Warapa anaona gwape wamphongo akutuluka m'tsekera, kubwera molunjika kwa iye. Anakumbukira galu uja ndipo sanafulumire. Anawerenga nthambi za nyanga. Anaona ntchentche pamsana pake, anaona mphuno yonyowa.

"Ngati ndiwe munthu, yankhula!" anafuula.

Gwape anaima, natsegula pakamwa, nalira ngati mmene agwape amalirira. Dzanja la Warapa linali litayamba kale kukoka. Muvi unapita.

Anamupeza Goi atagona chammbali, thumba litakhutuka m'matope.

"Alamu," anatero Goi movutikira, "ndimakuyankhanitu. Munandiyang'ana m'maso."

"Alamu anga! Mayo ine, mumadzatani kuno?"

"Zilazi. Ndi zambewu, zomaliza. Yuwi wati tengani zomwezo, achimwene andikumbuka." Anapuma pang'ono. "Mkaka watuluka, alamu."

Sanayankhulenso.

Warapa anaika mtembo m'bwato la Goi, nalikoka mpaka padooko la kumudzi. Iye sanatsike. Analikankhira kumtunda ndi nkhafi, nabwerera pakati pa madzi, ndipo ali pomwepo anaulula zonse mofuula, za Siba, za nsinga, za maenje a nyama. Amuna anathamangira mauta awo. Nakre analowa m'madzi mpaka m'mawondo akumuitana.

"Bwerera, Nakre! Iwe ndi Yuwi mwadya! Kwatsala masiku atatu, musadzandiyandikire!"

Anayesa kuponya uta m'madzi anthu onse akuona. Anakutumula dzanja, analimenyetsa pa bwato, analiluma mpaka magazi. Zala sizinatseguke. Anapalasa ndi dzanja limodzi, bwato likuzungulirazungulira, mpaka analowa m'bango.

Amuna atapita kwa Siba anapeza nyumba yokha, phulusa litazizira. Yuwi anatsala wamasiye ndi khanda, Nakre wamasiye mwamuna ali moyo, ndipo awiriwo anasamukira kumudzi wina kutali. Nyumba ya malata ija palibe anaifuna, ngakhale kuzula msomali.

Warapa akadalipo kutsidya kwa dambo. Asodzi amaona makhwangwala akuzungulira pamwamba pa mtunda uja, ndipo mphepo ikatembenuka imabwera ndi fungo la nyama yowola. Nthawi zina amamuona iyeyo, tsitsi litapotana, dzanja lamanja litauma pa uta. Bwato likayandikira amatseka maso ndi mkono winawo n'kumakuwa:

"Bwererani! Kaya ndinu ndani, bwererani! Ine ndikungoona agwape okhaokha!"

Inu amene maso amakuwawani poona denga la mnzanu, imvani. Chuma cha mankhwala chimabwera ndi lamulo, ndipo lamulolo nthawi zonse limalunjika pa anthu amene mumadya nawo mbale imodzi. Warapa anali wosauka, koma anali ndi mlamu womubweretsera nyama mpaka pakhomo. Dyera linamuchititsa kupha yekha munthu ameneyo.